Vaneti ya ba Mwansa inaima pakhomo pathu

Lachiwiri masana ndinapeza ba Mwansa, aneba athu kuno ku Kanyama, akuyeza khoma la nyumba yanga ndi chingwe. Ankayeza mzere wakuda umene madzi osefukira anasiya chaka chatha.

"Nifuna kuziba pamene manzi yamafika," anatero, osandiyang'ana n'komwe.

Chitsekereni fakitale imene ankagwirako ntchito, ba Mwansa amadyera kunyamula maliro. Vaneti yawo aiveka matayala akuluakulu, aikweza ndi zitsulo, moti pokwera umachita kukokedwa dzanja. Ati bokosi lisamanyowe. Mwamva zimenezo? Amoyofe madzi m'chiuno, womwalira ali gwa, wouma.

Ndinaseka. Lachinayi sindinaseke.

Mvula inagwa m'mawa wonse, ndipo amayi anga, amene ndimakhala nawo, anayamba kusanza ndi kutsegula m'mimba. Minibasi zinathera kumsewu waukulu. Amatakisi anakana. Galimoto yotha kulowa m'komboni inali imodzi yokha.

Ba Mwansa anabwera mwachangu, koma dzanja linachita zimene linazolowera. Anaitembenuza vaneti ija, n'kubwerera chambuyo pang'onopang'ono mpaka pakhomo, monga amachitira potenga mtembo.

Basitu. Ndisanatuluke m'chipinda ndinamva kulira. Azimayi anali atafika kale, zitenje m'chiuno, akudula madzi. Abambo awiri anayamba kutulutsa mipando yathu panja, monga timachitira pamaliro. Palibe anafunsa. Amayi ali gone, maso ali tong'o, akumvetsera maliro awo omwe.

"Sinikwela, mwana wanga," ananong'ona. "Ija motoka siibweza munthu."

Ndinawanyamula akukana. Ndinawagoneka kumbuyoko, pakati pa zingwe zomangira bokosi. Ndinaopa, sindibisa.

Kodi tasanduka anthu otani ife? Ngalande zinatsekeka kalekale, mankhwala kukiliniki kulibe, ntchito zatha. Chimene takonza bwinobwino, choyezedwa ndi chingwe, ndi ulendo wa kumanda. Mvula ikakuona litsiro sikata, inde, koma ife tasiya ngakhale kufunsa ngati munthu akupuma.

Amayi akadali kuchipatala, ali pa diripi. Anamwino akuti tidikire tione.

Dzulo ndinapita kukathokoza ba Mwansa. Ndinawapeza akutsuka kumbuyo kwa vaneti.

"Osadandaula," anatero mokoma mtima. "Njila ya kwanu naiziba manje."

Mipando ija ikadali pakhonde. Aneba akudutsa, akuiyang'ana, palibe akuikhudza. Inu ndiuzeni, ndiilowetse kapena ndiisiye pomwepo?