Ndodo za a Kuchta

A Delmar Kuchta anawotcherera zitsulo zaka makumi atatu kuno ku Youngstown mpaka fakitale inatsekedwa. Pulu, masewera ogunda timipira patebulo ndi ndodo, ankasewera ndithu, koma sanali katswiri. Ine ndinkawachinya ndikuyasamula. Chimene chinawatenga mtima chinali ndodo zosewerera pulu. Anali nazo makumi anayi ndi ziwiri, zonse zopangidwa pamanja, zoimikidwa m'kabati yagalasi m'chipinda chapansi pa nyumba yawo.

Ukawachezera sunkachoka osagwirako ndodo.

"Tseka maso, Floyd," ankandiuza. "Yendetsa chala apa. Wamva polumikiza?"

Sindinkamva kanthu. Pamalopo mtengo woyera unali utalowetsedwa mu phingo wakuda, nsonga zinayi zosongoka ngati mano.

"Umisiri wake ndi umenewo, aise. Zala zakozo n'zonenepa ngati masoseji, koma ngakhale dokotala wa opaleshoni sangapapeze."

Zisanu ndi ziwiri mwa ndodozo anazipanga a Orval Pettiford, mkulu wina wa ku Akron, yemwe ankatha zaka pa ndodo imodzi: kuipala pang'ono, kuipachika kuti ipume, kudzaipalanso.

Mu Januwale a Kuchta anachita sitiroko. Akazi awo anali atamwalira kale, ndipo mwana wawo Renata ankakhala ku Arizona. Anabwera kudzawaona kuchipatala, ndipo pobwerera anazimitsa chotenthetsera nyumba, poti munalibe munthu. Inali nyengo ya chisanu choopsa, ndiye madzi anaundana m'mapaipi, paipi ina inaphulika, chipinda chapansi chinadzaza madzi mpaka m'mawondo. Zinakhala choncho milungu itatu, palibe anadziwa.

A Kuchta anatuluka m'chipatala dzanja lamanzere litafa. Anandiuza kuti ndikweze ndodo zonse ndi kumazigubuduza patebulo la kukhitchini, imodziimodzi. Ndodo yowongoka imagubuduka mwakachetechete. Yopindika imatsimphina, nsonga ikugogoda thabwa. Zinagogoda, zinagogoda. Zowongoka zinapezeka zisanu zokha.

Renata, yemwe anali atabweranso, anaima pakhomo akulira. "Adadi, pepani. Sindinadziwe."

"Ukanadziwa bwanji? Pansipo unasiya kutsikapo uli ndi zaka khumi."

Sanakambiranenso za nkhaniyo.

Patapita sabata ndinawatengera kwa a Pettiford ku Akron pagalimoto yanga, imodzi mwa ndodo zimene mkuluyo anapanga ili pamiyendo pawo. A Pettiford anali atakalamba kwambiri, maso akuchita nkhungu. Anaipapasa ndodoyo kuyambira kunsonga mpaka kumatako, kenako anainunkhiza.

"Mdala, iyi yapita. Mtengo wamwa madzi, guluu wamasuka. Nditaiwongola lero, pofika Pasaka idzakhala itapindikanso."

"Ndiye ndipangireni ina."

A Pettiford anaseka, n'kukweza manja awo onjenjemera. "Ndi manja awa? Ine supu ndimamwetsa malaya masiku ano."

Tinabwerera ku Youngstown. Titafika a Kuchta anakana kuti ndiwagwirize pamasitepe, ndipo zinawatengera nthawi yaitali kuti alowe m'nyumba.

Anamwalira mu Epulo kunyumba yosungira okalamba. Ndodo zisanu zija Renata anazipereka kukalabu yathu ya pulu, ndipo palibe amene amalimba mtima kuziseweretsa. Zopindikazo anaziika m'mphepete mwa msewu pamodzi ndi zinyalala. Mayi Dombek, oyandikana nawo nyumba, anazitola galimoto ya zinyalala isanafike, n'kukazizika m'dimba mwawo kuti zichirikize tomato. Ndimadutsapo m'mawa uliwonse popita kukagula nyuzipepala. Tomatoyo wabereka bwino chaka chino, ndipo mayiwo anandipatsako m'kapepala.