Bambo Mivi ndi Mzere Wowongoka

Mumpingo muno tinkawadziwa ndi dzina loti Bambo Mivi, ndipo tinkati ndi munthu wokonda kukhala yekha. Tinkanama. Mkuluyu anatha zaka makumi awiri ndi ziwiri akudikira kuti mwana wawo mmodzi yekhayo agogode pachitseko, ife tikukhala nawo benchi limodzi osadziwa kanthu.

Anabadwira m'banja la wosoka nsapato, m'kachipinda konunkha zikopa ndi guluu. Mayi awo ankawagwaditsa pasimenti m'mawa uliwonse kuti apemphere asanalawe kanthu, ndipo chizolowezichi anafa nacho. Ali mwana anakwapulidwapo kusukulu chifukwa chokwera pathanki. Iwo ankangofuna kuona chimene chimauza madzi kuti aleke kulowa thanki ikadzaza. Anapezamo kampira koyandama kokhala ndi ndodo yotseka paipi, ndipo zikwapuzo sanazidandaule.

Atakula analowa ntchito pamalo oyeretsera madzi a mumzinda, kuyang'anira makina othira mankhwala ophera tizilombo. Kumeneko ndiko kunachokera dzina lija. Aliyense wobwera kumene ankamuimika pakhoma, choko m'manja, n'kujambula mabokosi olumikizidwa ndi mivi. Poyambira pankakhala mulingo wofunika. Kenako kabwalo koyerekezera mulingowo ndi zimene zilidi m'madzi, bokosi la chowongolera, bokosi la pampu, ndipo kumapeto madzi opita kwa anthu. Akafika pamenepo ankajambula muvi wautali wodutsa m'bokosi la chopimira, wobwerera koyambira kuja.

"Uwu ndiye usauiwale," ankatero. "Makina opanda muvi wobwerera amangothira osamva chimene achita. Ngakhale ine madzulo ndimabwerera kwa Mulungu kukafunsa kuti lero ndasiyana pati ndi mulingo wake."

Anzawo ankaseka kuti mkuluyu akhoza kulalikira ngakhale sipanala. Iwo ankaseka nawo, n'kupukutira choko pabuluku. Anakwatira mayi wosoka zovala, ndipo Mulungu anawapatsa mwana mmodzi wamkazi amene ankangomutcha Chisamba.

Chiyeso chawo chinadza Chisamba ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mvula itagwa usiku wonse, madzi a mumtsinje anafika ofiira ndi matope. Pakhoma panali pepala lozungulira limene kacholembera kankalembapo kuchuluka kwa mankhwala, ndipo tsiku limenelo mzere unangoti tambalala pamulingo wofunika, maola atatu osagwedezeka. Munthu wamba akanati zinthu zili bwino. Bambo Mivi anadziwa kuti madzi amoyo salemba mzere wotero. Chopimira chinali chitatsekeka ndi matope, chowongolera chikumva bodza, madzi osakwana mankhwala akupita m'nyumba za anthu. Anatseka vavu yaikulu yotulutsira madzi, ndipo theka la mzinda linakhala tsiku ndi theka mipope ili gwa.

Bwana wawo, amene anali atazengereza miyezi iwiri kulola kuti chopimiracho chitsukidwe, anachitsukitsa mwakachetechete. Pamlandu wa kutseka madziwo anakweza pepala lija m'mwamba.

"Taonani nokha akuluakulu, mzere wokongola ngati uwu! Munthuyu anangochita mantha."

"Bwana, mzere umenewo ndi wa chopimira chakufa," anayankha Bambo Mivi.

Ananena kamodzi kokha. Palibe anawamva, ndipo sanabwerezenso. Anawatsitsa udindo n'kuwatumiza kukalondera thanki yapaphiri, kumene msewu umathera. Chaka chisanathe mkazi wawo anadwala mwadzidzidzi, galimoto inachedwa kukwera phirilo, ndipo anatsirizikira panjira. Maliro atatha, Chisamba analongedza chikwama chake.

"Ababa, mukanangosiya vavu ija, amayi akanakhala pafupi ndi chipatala. Munawapha ndi mantha anu."

Anapita kwa azakhali ake, kenako kukoleji, kenako kutali. Makalata a bambo ake sankawayankha.

Zaka zapaphiri zinali zowawa, tisabise. Nyumba inali ya zipinda ziwiri, mawu omveka anali a pampu basi. Ankadzuka, kugwada, kuwerenga geji ya madzi a m'thanki, kulemba m'buku, kuphika chakudya cha munthu mmodzi. Lamulungu ankatsika wapansi maola awiri, kufika tchalitchi chisanatsegulidwe, n'kuyamba kusesa khonde. Mipope yonse ya pamishoni pano anaikonzapo, ndi ya amasiye ambiri omwe. Mwambo wa mapemphero ukatha ife tinkabalalika awiriawiri ndi mabanja athu, iwo n'kuyamba chitunda chawo okha. Tikawafunsa moyo ankati, "Ndili bwino, Ambuye akusunga," ife n'kukhuta nazo. Za bwana uja sanamunenepo choipa. Atamva kuti wadwala sitiroko anapita kukamuona, ndipo akuti anamumeta ndevu.

Atapuma pantchito anachita lendi kachipinda kumbuyo kwa sitolo ya zitsulo. Miyendo itayamba kutupa, dokotala anawauza poyera kuti mtima watopa. Mkulu wa mpingo ndiye anafufuza nambala ya Chisamba n'kumuimbira. Sabata inatha, yachiwiri n'kutha, kuli zii.

Lachitatu lina masana kunamveka kugogoda. Pakhomo panaima mayi wa imvi zoyamba, atavala jombo zakuntchito. Anali Chisamba, tsopano injiniya wa makina odziwongolera okha pafakitale ina. Sanalowe. Anaima pachiundo cha chitseko.

"Ababa, ndabwera kudzanena chinthu chimodzi. Simunalakwe. Ndinadziwa kalekale, chaka changa choyamba kukoleji. Aphunzitsi anajambula mabokosi pabolodi n'kutifunsa kuti chopimira chikafa pepala limaoneka bwanji. Ndinatuluka m'kalasi kukalirira kuchimbudzi."

"Chaka choyamba?" anafunsa mkuluyo pang'onopang'ono.

"Inde, ababa. Zaka makumi awiri zapitazo. Ndinkachita manyazi ndi mawu ndinakuuzani aja. Chaka chilichonse manyaziwo ankangokula."

Misozi ya Bambo Mivi inatsikira m'makutu poti anali chigonere. Zaka makumi awiri zimene akanatha kukhala ndi mwana wawo zinali zitapita, ndipo onse awiri ankadziwa kuti sizibwerera. Kenako analoza kukona ndi dzanja lotupalo.

"Kokera mpando uwo, mwana wanga. Uchotse pulasitikiyo. Ndinagula iwiri."

Chisamba anakhala pampandopo masiku anayi, akuwamwetsa madzi ndi supuni ndi kuwawerengera Masalimo. Lamulungu m'mawa anapempha kuti awathandize kugwada. Zitakanika, anati Mulungu amva chigonere chomwecho, napemphera atagwira dzanja la mwana wawo, ndipo anapuma komaliza belu loyamba lisanalire.

Atisiyira chitsanzo cha munthu amene ananena zoona ngakhale zinamudyera zonse, osasunga mangawa ndi wina aliyense. Mzimu wawo uuse mumtendere wa Ambuye amene anawatumikira. Koma ife otsalafe tisathamangire kudzitonthoza. Kuchokera patchalitchi pano kukafika kukachipinda kaja ndi mphindi khumi zokha wapansi, ndipo m'zaka zisanu ndi chimodzi zimene anakhalamo, palibe mmodzi wa ife anakhalapo nthawi yoti n'kufuna mpando.