Mutu wa Kutsimba Umene a Zaina Sanatumize

K12,000 ndiyo ndalama imene Mayi Zaina Usumani analandira posoka diresi yomwe a Gladys Jasten anavala tsiku lokhazikitsa buku lawo ku Balaka. Mpaka lero ndalama yokhayi ndi imene mabuku awabweretsera a Zaina, ngakhale kuti pa awiriwa iwo ndiwo anayamba kulemba, pa nthawi imene cholembera cha a Gladys chinkangodziwa kuchonga ntchito za ana a sukulu.

A Zaina, amene anthu amawatcha Abiti Usumani, ndi telala wa kwa Ngokwe m'boma la Machinga. Makina awo opalasa ndi phazi ali pakhonde la sitolo ya achimwene awo, pafupi ndi benchi ya odikira zovala. Sukulu analekezera folomu yachiwiri chaka chimene thonje la bambo awo linagulidwa motchipa. Anakwatiwa, amuna awo anapita ku Joni, mafoni anayamba kuchepa mpaka anasiyiratu. Chimene a Zaina sanasiye ndi kuwerenga. Popeza panalibe kobwereka mabuku, ankawerenga a ana obwera kudzasoketsa yunifolomu, mwini wake akudikira batani lomaliza.

Kenako anayamba kulemba buku lawo, nthano yaitali ya mtsikana wotchedwa Amira, amene anachotsedwa pasukulu atangovinidwa, n'kukwatiwa ndi mwamuna yemwe anasowera ku Joni. Kalembedwe kawo kanali kawokawo. Mutu uliwonse ukatha ankauwerenga mokweza pakhondepo, makina ataima, ndipo amayi a pabenchi ankaukonza. Mayi Fauziya, wogulitsa usipa, ndiwo anali woweruza wamkulu. Tsiku lina anakana kwamtuwagalu kuti Amira angayankhe apongozi ake ali chiimire, ndipo ndime yonse inalembedwanso. Amuna okonza njinga pamtengo wa mango ankanamizira kusamva, koma ndi omwewo amene ankafunsa ngati mwamuna wa ku Joni uja adzabwerera. Motero a Zaina anakhala ndi lamulo limene sanaliphunzire kwa munthu: chimene sangathe kuwerenga pakhonde sichilowa m'buku.

A Gladys anali mphunzitsi wa pulayimale, Mkatolika wa ku Rivirivi, amene boma linawatumiza kwa Ngokwe. Anabwera kudzachepetsa siketi, anamva mutu umodzi, ndipo anakhala mlendo wa tsiku ndi tsiku. Zabwino zawo ziyenera kunenedwa poyera, pakuti nsanje imafulumira kuziiwala. Ndiwo anataipa buku lonse la a Zaina pa laputopu yawo nthawi ya tchuthi, osalandira kanthu. Ndiwonso anaona pafoni chidziwitso chakuti bungwe lina la ku Blantyre likuitana alembi atsopano ku maphunziro a ku Balaka, ndi kuti buku limene lidzapambane lidzasindikizidwa ndi ndalama za bungwelo. A Zaina ataopa kupita okha, a Gladys anatumiza tinkhani tawo tiwiri kuti nawonso aitanidwe.

Maphunzirowo sanali achabe. A Zaina anamva koyamba kuti mlembi asamasaine pangano limene sanaliwerenge, kuti buku limafunika mkonzi asanalione wosindikiza, kuti lili ndi nambala yake yolizindikiritsa m'masitolo, ndi kuti mwini wa mawu ndi amene anawalemba. Anabwerera kumalo ogona mutu uli wodzaza, akubwereza zonsezi kwa a Gladys ngati mwana wobwereza mawu a ku madarasa.

Wotsogolera maphunzirowo anali Bambo Innocent, mkonzi wa mabuku. Iwo anawerenga buku la a Zaina, ndipo pamaso pa onse ananena kuti anthu a m'bukumo amalankhula ngati anthu enieni. Kenako anatsegula pakati.

"Koma mayi, buku lanu lili ndi bowo. Pa tsamba ili Amira akulowa kutsimba. Pa tsamba lotsatira watuluka, wavala mikanda, akumufupa ndalama. Owerenga mwawasiya panja."

"Panja ndi pamene amakhala, bambo," anatero a Zaina. "Ngakhale amuna athu amakhala panja."

Anthu anaseka, koma Bambo Innocent sanali kuseka. Anafotokoza kuti amene akupereka ndalama akufuna za m'katimo: nyimbo, malangizo, zonse zimene atsikana amauzidwa. A Zaina anayankha kuti zimenezo si zawo okha. Anazilandira kwa anankungwi pamodzi ndi anzawo, atalonjeza kuti sadzazinena kwa amuna kapena kwa ana osavinidwa, ndipo pakhonde lawo pamakhala onsewo. Mkonziyo anati buku si khonde, ndipo mlembi ayenera kulimba mtima.

Kulimba mtima kumene ankanenako n'kotchipa kwa munthu amene akwera galimoto madzulo kubwerera ku Blantyre. Komanso a Zaina sanali wamantha. Buku lawo silinyengerera mwambo. Limasonyeza poyera mmene Amira anatayira sukulu atangotuluka kutsimba, ndi mmene malume ake anamukwatitsira asanakhwime. Mitu imeneyi inawerengedwa pakhonde, anankungwi ena ali pabenchi, ndipo panabuka mkangano umene unatha sabata. Chimene a Zaina anakana si kudzudzula, koma kugulitsa mawu amene anawasungitsa. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa ophunzitsa pa maphunzirowo amene anafunsa ngati buku lingaime popanda mutuwo. Anawaphunzitsa m'mawa kuti mwini wa mawu ndi mlembi, masana n'kuwauza mawu oti alembe.

A Gladys anamva zonsezi ali pambali. Patapita milungu ingapo anauza a Zaina, osabisa, kuti ayamba buku lawolawo, ndipo mbali yaikulu idzachitikira kutsimba. A Gladys kutsimba sanaloweko. Anatolera zidutswa kwa mayi wina woyandikana nawo nyumba ndi zimene anamva m'misika. Tsiku lina anapempha a Zaina nyimbo imodzi yokha.

"Iyayi, achemwali," anatero a Zaina, maso ali pa singano. "Ndikusokereni chilichonse, koma chimenecho iyayi."

Buku la a Gladys ndilo linasankhidwa.

Nsanje imene inawagwira a Zaina sanaibise kwa ine wolemba nkhaniyi, ndipo sindiibisa kwa owerenga. Mawu a a Gladys akamveka pa wayilesi ya m'sitolo, iwo ankapalasa makina mwamphamvu kuti asamve, ngakhale pa nsalu imene sinkafunika msoko wina. Ankadana ndi mawu akuti "alembi" amene anthu anayamba kuitanira mphunzitsiyo. Ankadziwa tsiku limene chikuto cha bukulo chinafika pafoni, mtundu wake, ndi chithunzi cha kumbuyo, ngakhale ankanena kuti sanachiyang'anitsitse. Anafika poganiza kuti a Gladys anataipa buku lawo n'cholinga chophunzira mmene mitu imalumikizirana, ganizo limene iwo eni ankadziwa kuti n'lopanda chilungamo, koma limene linkabwerabe m'mawa uliwonse akamatsegula makina. Ndipo benchi, imene inadya nkhani ya Amira kwa zaka, sinawachitire chifundo.

"Abiti," anatero Mayi Fauziya tsiku lina, "anzanu buku lili ndi chithunzi kumbuyo. Lanuli tizingomvera ngati wayilesi mpaka tife?"

M'masiku omwewo a Gladys anabwera ndi nsalu yobiriwira ya maluwa agolide, kuti mnzawo awasokere chovala cha tsiku lalikulu. A Zaina anawayeza. Anandiuza kuti poyeza m'khwapa anaganiza zochepetsako pang'ono, kuti mlembiyo akamakweza buku m'mwamba msoko ulire. Sanatero, chifukwa msoko woipa umatchula dzina la telala. Anasoka diresi yabwino kuposa zonse za chaka chimenecho. Koma a Gladys atafunsa mtengo, a Zaina, amene sankawalipiritsa mokwanira chiyambire ubwenzi wawo, anatchula mtengo wonse, wa mlendo. A Gladys anawayang'ana, anatsegula kachikwama, n'kupereka.

Ku Balaka a Zaina anapita, nakhala kumbuyo. A Gladys anawathokoza pamaso pa anthu. Anati achemwali awo a kwa Ngokwe ndiwo anawaphunzitsa kumvera mmene anthu amalankhulira, ndipo ndi omwewo asoka diresi imene avala. Anthu anatembenukira diresi n'kuomba m'manja. Mayi wina anapempha nambala ya foni ya telala.

Kenako a Gladys anawerenga mutu wa kutsimba. A Zaina anamva nyimbo ya paukwati, imene aliyense amaimba pabwalo masana, itaikidwa m'kamwa mwa anankungwi ngati chinsinsi chachikulu. Anamva malangizo amene sanaperekedwepo kwa iwo, kapena kwa mayi awo. M'holo yonse anthu ankagwedeza mitu ngati atsegulidwa maso. Apa m'pamene panali ululu weniweni. Kuti anene kuti nyimboyo ndi yolakwika, akanafunsidwa yolondola. Munthu yekhayo m'holomo amene akanatha kukonza mutuwo ndi amene analibe chilolezo chotsegula pakamwa.

Potuluka, Bambo Innocent anawapatsa moni mwaulemu. Anati bungwe lidzasindikizanso buku lina chaka chamawa, ndipo la Amira likadali pamwamba pa onse, likangofika ndi mutu uja.

A Zaina anaulemba. Linali tsiku lopanda msika, mvula ikuwaza, pabenchi palibe munthu. Anakankhira pambali yunifolomu, natenga mapepala. Mawu anabwera okha, nyimbo ndi mayankho ake, fungo la m'katimo, mantha a Amira, dzanja la phungu wake paphewa. Iwo amati sanalembepo chinthu chokoma chotero. Polemba sankaganiza za Amira, kapena za owerenga. Ankaona nkhope ya a Gladys ikuwerenga mutuwo n'kuzindikira kusiyana kwake.

M'mawa mwake kunacha bwino ndipo benchi inadzaza. Panali atsikana a sitandade faifi odikira yunifolomu, ndipo pamtengo wa mango okonza njinga anali atayamba kale kugogoda. Mayi Fauziya anaona mapepala pansi pa sizasi.

"Mutu watsopano? Tiwerengereni, Abiti, tinakusowani."

A Zaina anatenga mapepalawo, nayang'ana mzere woyamba. Anayang'ana atsikana aja, nayang'ana kumtengo wa mango. Kenako anatsegula chivundikiro cha nsimbi ya makala imene inali pambali pawo, anapinda mapepalawo, n'kuwalowetsa.

"Makala achepa," anatero.

Mayi Fauziya anati telala wapenga, akuotcha buku pamene anzake akusindikiza. A Zaina anadikira moto utsike, n'kusita yunifolomu ya mtsikana woyamba.

Ena angafune kumva kuti kuchokera tsiku limenelo mtima wawo unakhala pansi. Sunakhale. Anasankha, koma nsanje sinapse ndi mapepala aja. Buku la a Gladys likupezeka m'masitolo, ndipo ndinaliwerenga. Si loipa monga a Zaina angafunire, koma silifika pa la Amira, limenenso ndinaliwerenga lonse pa mapepala otaipa omangidwa ndi ulusi wakuda. Cholakwa chachikulu sindichiika pa a Gladys, amene anamva chimene chikufunidwa n'kuchipereka. Ndichiika pa malangizo amene ali ndi khomo limodzi lokha, lopimidwa pa thupi la munthu wokhala kutali, ndipo mlembi wa kumudzi akalephera kudutsapo amauzidwa kuti ndi wamantha.

A Zaina anatumiza uthenga kwa Bambo Innocent kuti bukulo ndi lathunthu mmene lilili, ndipo ngati akulifuna alitenge choncho. Foni inasonyeza kuti uthengawo unawerengedwa. Yankho silinabwere. Anafunsa kwa wosindikiza wina wa ku Zomba, amene anafuna ndalama zonse patsogolo asanaone ngakhale tsamba loyamba. Mapepala a Amira ali m'jumbo ya pulasitiki pansi pa nsalu za makasitomala, kuopa chiswe.

A Gladys amabwerabe pakhondepo, koma amakhala kumapeto kwa benchi. Anabweretsa buku lawo limodzi, atalembamo mawu pa tsamba loyamba, ndipo linaikidwa m'kabati ya ulusi ndi mabatani. Posachedwapa anauza mnzawo kuti amva za gulu lina la alembi limene limawerenga mabuku a Chichewa popanda kulamula za m'kati, ndipo angathe kutumiza la Amira kuchokera pa laputopu yawo, mmene likadali. A Zaina anati aganiza kaye. Kuvomera kukutanthauza kulandiranso thandizo kuchokera m'manja omwewo, ndipo iwo mpaka pano sananene kwa a Gladys mawu oyamikira buku lawo, ngakhale amodzi. Tsamba loyamba lija sanalitsegule.