Kireni ya ku Glasgow ndi Bokosi la Masipanala la Adadi

Lamlungu, m'katikati mwa Okotobala.

Ndadzuka miyendo ikuwawa ndi gule wa ku ukwati wa dzulo, koma mtima unali pa bokosi la Adadi. Tinagona ku Glasgow, pa matiresi pabalaza pa anzawo a Amayi, ndipo ndisanatsegule n'komwe maso ndinakumbukira kuti Lachiwiri vani ya otola zitsulo zakutha idutsa mumsewu wathu ku Wigston, m'dera la Leicester. Amayi analamula kale kuti tsikulo bokosi likaikidwe panja.

Bokosi lenilenilo anagula konkuno ku Ulaya, koma masipanala, hamala ndi mafayilo osalazira zitsulo a m'katimo anachokera kwathu. Adadi ankakonza mitu ya sitima za pamtunda ku Limbe. Ndimakumbukira ovolosi yawo yonunkha girisi itayanikidwa pachingwe, ndi momwe ndinkathawira akafuna kundinyamula ndi manja akuda bii. Tikubwera kuno, sutikesi italemera pa sikelo ya pabwalo la ndege, Adadi anatulutsa ufa ndi usipa n'kusiya masipanala momwemo, nkhani imene Amayi saiiwala mpaka lero. Pano Adadi amagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, ndipo bokosi langokhala m'shedi osatsegulidwa. Amayi akufuna malowo kuti aikepo migolo yabuluu imene amalongedzamo katundu wotumiza kumudzi. Adadi atamva anangoti, "Zinatha zimenezo," n'kupitiriza kusita yunifomu. Ine zinandiwawa. Ndikufuna kudzakhala injiniya, ndipo ndakhala ndikuyembekeza kuti tsiku lina zitsulozo zidzalowa m'manja mwanga.

Titamwa tiyi tinatsanzika n'kuyamba ulendo wobwerera. M'malo molunjika ku msewu waukulu, Adadi anadzera m'mbali mwa mtsinje. Apo mpamene ndinaiona. Kireni yaikulu yonyamulira katundu wolemera, yotuwa, yoposa nyumba zonse zoyandikana nayo, mkono wake utatambasuka m'mwamba popanda cholendewera chilichonse. Ku Leicester kulibe nyanja, timangoona timabwato ta m'ngalande, choncho sindinkadziwa kuti anthu angamange chinthu chotere kuti chizingotumikira sitima za pamadzi.

Adadi anaimika galimoto osafunsa munthu. Ndinatuluka nawo, mphepo ikubaya m'makutu. Anandiuza kuti kale m'mbali mwa mtsinjewu ankapanga sitima zambirimbiri, ndipo makireni otere ankanyamula mainjini, ngakhale mutu wathunthu wa sitima ya pamtunda, n'kuutsitsira m'mimba mwa sitima ya pamadzi yopita kumaiko akutali.

"Mwina ina mwa mitu yakale imene ndinaipeza itaima ku Limbe inadutsa pansi pa mkono ngati umenewu," anatero. "Sindikudziwa bwinobwino, koma mwina."

Amayi anatsitsa galasi la galimoto. "Ndiye pano chikugwira ntchito yanji?"

"Palibe, Amayi. Ntchitoyo inatha. Anangochisunga kuti anthu azikumbukira," anayankha Adadi.

"Chitsulo chonsechi? Kukanakhala kwathu bwenzi amisiri a ku Ndirande atachidula kalekale. Mbaula zingati zimenezi? Makasu, mawilibala, mafelemu a mawindo, dziko lonse bwenzi litakwana!"

Adadi anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anandipatsa foni yawo. "Iwe, tandijambula."

Ndinadabwa, chifukwa Adadi amathawa kamera ngati mvula. Dzulo lomweli ku ukwati anabisala kuseri kwa anthu.

"Abambo inu, chithunzi chimenecho chisapite kumudzi," Amayi anakuwa. "Anthu aziti tinabwera ku Ulaya kudzakhala pa zitsulo zadzimbiri. Dzulo munali mu suti, simunajambulitse!"

"Suti aliyense ali nayo," anayankha Adadi, akukonza kolala.

Ndinabwerera m'mbuyo, n'kubwereranso, kuti kireni yonse ikwane. Itakwana, Adadi anaoneka ngati nyerere pansi pake, koma anaima chilili, chifuwa patsogolo, maimidwe amene ndinawaona komaliza ali mu ovolosi.

Tili pamsewu waukulu ndinaona kuti mwayi wanga ndi umenewu. Ndinakonza mawu anga bwinobwino monga timachitira pa mtsutso kusukulu.

"Amayi, mwaona eni dziko asunga kireni yosagwira ntchito chifukwa cholemekeza amene ankaigwiritsa ntchito. Nanga bokosi la Adadi lalakwanji?"

"Ndimadziwa kuti ufika pamenepo," Amayi anatero osatembenuka. "Iwowo ali ndi mtsinje wonse woikapo chikireni chawocho. Ine ndili ndi kashedi koti ukalowamo sungatembenuke. Pakhomo panga chitsulo chosagwira ntchito chimapita. Geti lija lakhala likulendewera chiyambire Isitala, ndimalikankha ndi bondo ndikanyamula zogula, masipanala ali phee m'shedi ngati alendo odikira chakudya."

"Geti lija likufuna mahinjesi atsopano," anatero Adadi.

"Likufuna munthu."

Mfundo yanga inagwa chagada, ndipo kunena zoona Amayi sananame. Ndinatsamira pawindo n'kumayang'ana nkhosa m'mapiri, ndikuganiza. Kireni ija yangoima chifukwa zoti inyamule zinatha. Sitima sizikubweranso, ndipo palibe angazibweze. Koma masipanala athu ntchito yawo ilipo, ikulendewera pakhomo pomwe, tonse timaidutsa m'mawa ndi madzulo. Ine ndimapempha kuti bokosi lisungidwe ngati chikumbutso, pomwe silinafike poti n'kukhala chikumbutso.

Titaima kumwetsa mafuta, Amayi akugawa mandasi otsala ku ukwati, ndinayesanso.

"Nanga geti litakonzedwa Lachiwiri lisanafike, ndi zitsulo za m'bokosi momwemo?"

"Alikonze ndani? Abambo ako mawa ali pa shifiti mpaka madzulo."

"Ndikonza ine. Sukulu tatsekera sabata ino."

Amayi anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku zikhadabo zimene anandipaka dzulo. Ndinkayembekeza kuti aseka, koma sanaseke.

"Likatseguka ndi chala chimodzi, bokosi likhala," anatero. "Koma likakhala kuchipinda kwako, pansi pa bedi lako. Ndipo ndikapeza girisi pa nsalu zanga zoyala, mutuluka nonse awiri, iwe ndi bokosi."

Adadi analiza galimoto. Titayenda kamtunda ndithu, maso ali pamsewu, anati, "Uyambe wathira oyilo pa mabawuti, uwasiye amwe. Ukawakakamiza ali ouma aduka."

"Sipanala yake ndi iti, Adadi?"

"Uyesa wekha imodziimodzi mpaka ipezeke yogwira. Nafenso tinaphunzira choncho."

"Mwayamba kale kumuonetsera mayeso," anadandaula Amayi, koma anawapatsa mandasi ena.

Tafika ku Wigston dzuwa likulowa. Ndisanatsitse n'komwe chikwama ndinapita kushedi n'kutsegula bokosi. Fungo lake ndi lomwe lija la ku Limbe. Masipanala akulungidwa m'sanza mwa ukulu wake, ndipo palibe ndi imodzi yomwe yadzimbiri. Geti nalo ndaliyang'anitsitsa: hinjesi ya m'munsi ndi imene yadyeka, ya m'mwamba yangokhwepa. Sindinakonzepo geti chibadwire, koma ndikuona pamene pali vuto, ndipo sindikuchita mantha.

Mawa ndidzuka Adadi asananyamuke kuti andionetse botolo la oyilo. Ndithira pa mabawuti, ndimwa tiyi podikira kuti amwe, kenako ndimasula hinjesi yodyekayo n'kukwera nayo basi kupita kusitolo ya zitsulo, kuti ndikagule yofanana nayo ndendende.