Amene Ankatsokomola M'foni ya Mkazi Wanga

Chaka chimene matalala anaboola fodya wanga yense ali m'munda, ndinaima pakati pa mizere n'kunena kuti, "Basi, ine ndikupita ku Joni!" Sindinafunikenso kuzungulira makomo kukatsanzika. Ine ndikayankhula, mudzi wonse umakhala wauzidwa. Dzina langa ndine Gelesomu Mbewe, koma kuyambira kwathu ku Kabudula mpaka pa Nsaru amanditcha Chimkuzamawu, ndipo sindikana. Pamaliro wolengeza ndinali ine. Ng'ombe ikasochera, ine.

Mkazi wanga Naphiri ankatola masamba ong'ambikawo, osadzutsa mutu. "Ku Joni ndi imvi zimenezo? Anzanu akubwerako ndi ndodo, inu ndiye muzipita?"

"Imvi sizigwira fosholo, mayi. Amagwira ndi manja."

"Mukakatchona musadzati sindinanene."

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa ine ndine mkamwini. Nyumba yanga ili pa dothi la kwawo kwa mkazi, dimba ndi lawo. Mkamwini akatchona, kupita osabwerera, abale a mkazi sachedwa. Amakhala pansi, banja n'kulithetsa, dimba n'kupatsa wina.

Kwa apongozi anga okha, mayi ake a Naphiri, ndiko ndinakatsanzika mwa mwambo. Ine ndinanjuta kuseri kwa nkhokwe, iwo ali m'nyumba, Naphiri ali pakati kunyamula mawu, ngakhale kuti angawo sanasowe wonyamula. Chikwatirire, ine ndi apongozi sitinayang'anizanepo m'maso. Tikakumana panjira, iwo amapatukira kutchire uku, ine uko. Mawu awo sindinkawadziwa n'komwe. Naphiri anatuluka ndi yankho lalifupi: "Akuti muyende bwino."

Ku Joni ndinapeza ntchito pamalo ogulitsa mbande za maluwa, kuthirira ndi kutembenuza manyowa. Munthu wolima fodya sangagonje ndi maluwa. Chimene chinandivuta ndi pakamwa. Mnzanga wa ku Msundwe, a Kalonga, amene tinkagona naye kachipinda kamodzi ka malata, anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti, "Akulu, mawu anuwa muwapinde muike m'thumba. Kuno akakumva kuti ndiwe wobwera, umaona zakuda." Taganizani! Ine, Chimkuzamawu, kukhala m'minibasi duu ngati thumba la chimanga, kuloza ndi chala potsikira. Njala ndinaipirira, kuzizira ndinakupirira. Ndalama zinkabwera n'kupita, lendi, ufa, zotsala kumudzi, ndipo miyezi ina kunalibe chotsala. Koma kunong'ona kunkandidwalitsa.

Sukulu ndinalekera panjira. Mpaka lero ndikalemba mzere umodzi ndimapuma kaye. Ndiye a Kalonga atandionetsa kuti pa foni zagalasi zija, zosisita ndi chala, munthu umangodina n'kuyankhula, mawu ako n'kuuluka okha, ndinati ameneyu ndiye mnzanga. Ndinadzimana ndiwo mpaka ndinagula ziwiri zakale, imodzi n'kutumiza kwa Naphiri kudzera kwa dalaivala wa basi. Ndinalamula kuti aisamale ngati diso.

Lamlungu lililonse ndinkapita kuseri kwa mulu wa manyowa, kufupi ndi msewu waukulu kumene malole ankaphimba phokoso, n'kumasula pakhosi. Poyamba ndinkangodzitama. Kenako kudzitama kunatha, kunatsala zoona. "Naphiri, kuno munthu umatha sabata osapatsidwa moni. Ndalota dimba lija, mpiru uli biriwiri." Mng'ono wanga atamwalira ku Kabudula, ndinalibe yokwerera basi. Ndinaima pamanyowa pomwepo n'kulengeza maliro ake monga ndikanachitira kumudzi, dzina lake, mfunda wake, mudzi wake. Ndinalira foni ili m'manja, ndipo ndinatumiza zonse, ndi kulira komwe.

Maliro amenewa asanachitike, mvula itagwa kumudzi, zinthu zinasintha. Naphiri, amene ankayankha tsiku lililonse, anayamba kuyankha pa tsiku la msika lokha. Kumbuyo kwa mawu ake kunkamveka njinga zamoto ndi nyimbo. Ndikati tionane nkhope, ati kamera yafa. Zimenezo ndikanazimeza. Koma kunali chifuwa. Wina ankatsokomola pafupi ndi iye, chifuwa chakuya, cholemera, cha munthu wa fodya. Tsiku lina ndinasimba za galu wa abwana anga amene ankavekedwa juzi kukazizira. Poyankha, Naphiri anali asanamalize moni, munthu uja n'kuphulika kuseka, kuseka kwa besi kothera m'kutsokomola.

"Kodi akutsokomolayo ndani?" ndinafunsa.

"Ndi anthu odutsa, inu."

Munthu wodutsa amene amadutsa sabata iliyonse, eti? Ndinamvetsera uthengawo mpaka foni inatentha. A Kalonga anamvetsera nawo, n'kupukusa mutu. "Akulu, ameneyu ndi mwamuna, wamkulunso. M'khola mwalowa fisi."

Ndinapirira nyengo ina yonse, chifukwa kubwerera chimanjamanja n'kovuta. Koma chifuwa chija chinkanditsatira ndi pothirira pomwe. Ndinatumiza uthenga wa Lamlungu monga mwa masiku onse, osatchula za ulendo, n'kukwera basi.

Ndinafika pa Nsaru tsiku la msika. Kumene ndinachokera anali atandiphunzitsa chinthu chimodzi, kukhala chete. Ndinatsitsa chipewa, n'kuima kuseri kwa ogulitsa kaunjika, ndipo palibe anandizindikira. Chimkuzamawu wosayankhula ndani angamudziwe? Dzuwa litakwera ndinamuona Naphiri, chitenje chake chabwino chija, akulowa m'kashopu kojambula mapepala ndi kuika nyimbo m'mamemore. Ndinasendera pakhonde.

Kenako ndinamva mawu anga.

Ankatuluka pakhomo la shopuyo, athunthu, ngati ndili m'katimo. "Naphiri! Ndi ine kuno!" Mayi wina wogulitsa tomato sanatembenuke n'komwe, anangouza mnzake kuti, "Chimkuzamawu wayamba. Tamverani ngati asimbenso za galu wa juzi uja." Ndisanameze malovu, chifuwa chija chinamveka. Ndinalowa ngati ng'ombe yothawa dibi.

Naphiri anakuwa, n'kugwira pakamwa. Anali pa kampando, kutsogolo kwa kompyuta yaikulu ya patebulo. Pambali pake panali mwini shopu, mayi wa magalasi dzina lake Esinati. Mwamuna munalibe. Kumapeto kwa chipinda kunali nsalu yotchinga. Ndinati ndilunjike kumeneko, koma maso anga anakodwa pa galasi la kompyuta. M'katikati mwake munaima foni. Foni ndithu, yoongoka ngati chitseko, tizithunzi take tonse tili m'malo mwake, nkhope yanga ili pamwamba. Koma inalibe thupi. Ndinapita kuseri kwa kompyuta kukayang'ana. Kunali fumbi ndi mawaya.

"Mwailowetsa bwanji m'menemu?" Ndi moni woyamba umene ndinapereka kwathu.

Naphiri anayang'ana pansi. "Ija munatumiza inagwera m'chitsime cha kudimba, a bambo. Ndinkatunga madzi ili pachifuwa. Ndikanakuuzani bwanji, mutanena kuti ndiisamale ngati diso? Mukanakuwa mpaka tikanakumvani popanda foni."

"Ndiye iyi ndi mzimu wake?"

Esinati anaseka mpaka kuvula magalasi. "Takulandirani a Mbewe. Khalani pansi ndikuonetseni. Si mzimu. Muli pulogalamu m'kompyutamu, amati emuleta. Ntchito yake ndi kuyerekeza foni. Imamanga kachipinda m'katimo, zonse zimene zimayenda pa foni zikalowamo zimaona ngati zili pa foni yeniyeni."

"Sizidziwa kuti zanamizidwa?"

"Sizidziwa. Laini ya amayiwa inapulumuka, tinaiika m'kafoni ka mabatani. Nambala yachinsinsi inabwera m'menemo, ine n'kuilemba apa, basi mauthenga anu n'kuyamba kufikira kuno."

"Batire lake lili kuti?"

"Ilibe. Magetsi akazima, yagona. N'chifukwa chake masabata ena munkadikira."

Ndinasisita galasilo ndi chala monga ndinkachitira pa yanga. Silinagwedezeke. Esinati anandigwiritsa kachinthu kokhala ngati sopo, ati mausi, n'kundiuza kuti chala changa tsopano ndi kamuvi kamene kanali pa galasipo. Kamuviko kanathawira pakona, ine n'kukathamangitsa, tebulo n'kutha. Ndinafunsa ngati foni yotere ingagwere m'chitsime. Ati ayi. Ndinafunsa ngati ingabedwe. Ati wakuba abwere ndi ngolo. Anadina pena, n'kutulukira foni ina pambali pa yoyambayo, kenako inanso.

"Izi ndi za amayi ena, amuna awo ali komwe mwachokerako. Aliyense ndi chipinda chake. Imachedwa kudzuka, ndi yokalamba, koma imafikitsa."

"Nanga bwanji msika wonse ukudziwa za galu wa abwana anga?"

"Tsiku loyamba ndinaiwala kuzula sipika ya panja, pepani. Kuyambira pamenepo timatsitsa mpaka pansi. Koma a Mbewe, inu mulibe pansi."

Pamenepo ndinakumbukira chimene ndinabwerera. Ndinaimirira. "Nanga zomvera m'makutu zija, zoti munthu azimva yekha, palibe? Ndani wina amafuna kumva nawo?" Ndinatambasula dzanja kuti ndikoke nsalu ija. Naphiri anandigwira mkono ndi mphamvu imene sindinkaidziwa.

"Musatsegule! Ndi amayi!"

Kuseri kwa nsalu kunamveka chifuwa chija, chakuya, cha fodya wa mphuno wa zaka zambiri. Apongozi anga! Ndinabwerera chafutambuyo, kugunda chitseko, n'kukanjuta panja nditafulatira, chipewa chili m'manja, msika wonse ukuonerera. Ine ndinawoloka maiko kudzagwira mwamuna, chonsecho ndi mayi amene ndakhala naye mudzi umodzi ukulu wanga wonse. Ndikanawadziwa bwanji? Munthu amene umamuthawa panjira sudziwa mmene amasekera.

Zotsalazo Naphiri anandiuza panjira yopita kumudzi, apongozi atatsogola patali pa kabaza. Miyezi imene ndinalibe chotumiza, alongo ake anakhaladi pansi. Ati Mbewe watchona, dimba lipite kwa wina, mlongo wathu amasuke. Amene anakana ndi apongozi. Anali atayamba kale kumuperekeza Naphiri ku shopu, poyamba ati kukagula mchere, kenako osabisanso. Tsiku limene uthenga wanga wolengeza maliro a mng'ono wanga unamveka mu shopumo, analipo. Ndiye anauza ana awo aamunawo kuti, "Mtchona salengeza maliro a kwawo ali yekha kutchire. Ndamumva ndi makutu angawa. Dimba musaligwire."

"Koma mwambo?" ndinafunsa. "Mpongozi kumvetsera mkamwini akulira?"

"Alongo anga anafunsanso zomwezo. Amayi anati, amene ndimamuopa ndi mkamwini. Chili pa Nsarucho si mkamwini, si foninso. Chikungoyerekeza."

Ndinayenda osayankhula mpaka pa mlatho. Naphiri anachita kundiyang'ana ngati ndadwala.

Ku Joni sindinabwererenso. Dimba likadali m'manja mwanga, mpiru ulimo. Ndi apongozi zinabwerera mwakale: tikakumana panjira, iwo uku, ine uko. Pa msika ndimalowa kwa Esinati kukaona foni zopanda thupi zija, ndipo mausi tsopano amandimvera. Funso limodzi Esinati sanandiyankhebe mondikhutiritsa, lakuti kompyuta ikazima foniyo imakhala ili kuti.

Mwezi watha Naphiri anabwera kuchokera kwa mayi ake akuseka. "Akuti chibwerereni chanu, sakumvanso nkhani. Akuti pa Nsaru pazizira."

Ndinamva. Lamlungu ndinatenga foni yanga, n'kupita kuseri kwa chigafa cha fodya, moyang'ana kumbali, monga ayenera kuchitira mkamwini. Ndinadina, n'kutumiza uthenga ku foni ija ya m'kompyuta, kuti apongozi akaumvere pa tsiku la msika. Ndinasimba za minibasi za ku Joni, mmene ndinkalozera ndi chala ngati wosayankhula, ndi tsiku limene ndinapitirira potsikira chifukwa choopa kutsegula pakamwa.

Naphiri anatulukira ndi lichero m'manja. "Mukungotaya bandulo, a bambo. Akumvani kale."

Kutsidya kwa bwalo, m'nyumba ya apongozi, wina ankaseka ndi besi, mpaka kutsokomola.