Lavenda wa Alamu Anga

Alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu, anali telala. Anasoka pakhonde la nyumba yawo zaka makumi anayi, koma ambiri amawakumbukira chifukwa cha lavenda, kachitsamba ka masamba otuwa ndi fungo lokoma.

Kanthambi koyamba anapatsidwa pa 14 Marichi 1987 ndi mayi wina amene anamusokera makatani. Tsikulo ndinalemba m'kope langa, monga ndimalembera zonse. Anakadzala m'ndowa yobowoka, m'dothi la mchenga. Chitsamba chikakalamba, ankadulako nthambi n'kudzala china, moti mbewu ya 1987 ija sinathe.

Maluwa ankawaumitsa pamthunzi n'kuwasokera m'timatumba ta zidutswa za nsalu. Wosowa tulo kapena womva mutu kulemera ankamuuza kuti aike kathumba pansi pa pilo. Sankanamiza munthu. "Uyu amangokhazika mtima pansi," ankatero. "Ngati thupi latentha, pitani kuchipatala, musandiphere dzina."

Pa 3 Juni 2019 anaterereka kubafa n'kuthyoka mwendo. Anagonekedwa milungu isanu ndi umodzi, ndipo ndowa inatsala m'manja mwa achimwene. Iwo, posowa chochita ndi manja awo, ankathirira m'mawa ndi madzulo. Ataona masamba akufota, anati ndi ludzu, anawonjeza madzi.

Alamu anatuluka pa 16 Julaye. Asanalowe n'komwe m'nyumba, anayenda ndi ndodo zawo mpaka pandowa. Anagwira tsinde, linazuka lokha. Mizu inali yakuda, yowola.

"Bambo, mwam'miza," anatero.

"Ine ndimati ndikusamala."

"Zaka zonsezi simunathirirepo ngakhale kapu imodzi. Chikondi chakugwirani liti?"

Achimwene anangoweramitsa mutu. Alamu makina awo osokera anawaphimba ndi nsalu, ndipo anangokhala choncho masiku khumi. Mwana wawo anati akagula lavenda wina kogulitsa mbande, iwo anakana. Ankafuna wawo yemwe uja.

Apo m'pamene ndinatsegula makope anga. Alamu anali ndi chizolowezi chogawira makasitomala tinthambi, ndipo ndinapeza anthu asanu ndi awiri, aliyense ndi tsiku lake. Ndinawalemba pakapepala, achimwene anatenga kapepalako n'kuyamba kuyenda nane khomo ndi khomo. Kwa aphunzitsi anauma kalekale. Kwa anamwino anawola. Ena anali atasamuka. Anatsala mmodzi, wometa tsitsi wa pakona, amene analandira pa 9 Seputembala 2016, munthu woiwala ngakhale pomwe waika lumo.

Anatitengera kuseri kwa shopu yake, akupepesa njira yonse. "Amayi andikhululukire, sindinathirirepo. Ndinangokatsomeka apa n'kuiwala."

Pakati pa zidutswa za njerwa, padzuwa lenileni, panali chitsamba chofika m'mawondo, njuchi zili ng'waa. Achimwene anaseka mpaka misozi. Kenaka anapempha lumo, koma dzanja linaima m'malere.

"Achemwali, dulani ndinu," anandiuza. "Dzanja langali lapha kale."

Ndinakana. Ndinati wamiza ndi amene avuule.

Anadula nthambi zitatu, anazikulunga m'mpango wawo wa m'thumba. Titafika, alamu anafikisa tsamba limodzi ndi zala, ananunkhiza nthawi yaitali.

"Ndi yemweyo," anatero. "Bambo, katengeni mchenga. Koma kheni yothirira mundipatse ndisunge kumutu kwa bedi."

Nthambi ziwiri zinadzagwira patapita nthawi. Koma makina alamu anawavundukula mawa lake lomwelo, pa 27 Julaye.

Alamu anatisiya pa 2 Novembala 2022. Ndowa ikadali pakhonde pomwe paja. Achimwene, asanathirire, amayamba apisa chala m'dothi monga anawaphunzitsira akazi awo, ndipo masiku ambiri amabwerera ndi madzi awo.