Makiyi a Msewu Wonse

Ndikukumbukira Khirisimasi ina, dziko limene tinkakhala, kunja kwa Malawi, litangolandira ufulu, ndili kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi kukomboni ya Iminyela. Nyengo imeneyo anansi athu onse ankapita ekhaya, kumidzi kwawo. Ife kwathu kunali kutali, ku Dedza, kumene ine ndinali ndisanapondeko. Choncho tinkatsala, ndipo anthu ankasiya makiyi awo kwa amayi. Makiyiwo ankalendewera pa msomali kuseri kwa chitseko chathu, aliwonse ndi kansalu kake.

Bambo anali khukhi kumayadi, ndipo pa Khirisimasi ndiye ntchito inkawachulukira, moti sankabwera. Msewu unkangoti zii. Wailesi osamveka, mwana wosewera naye osaoneka. Ndinkakhala pageti n'kumayang'ana agalu a eni akuyendayenda.

Amayi anali oyembekezera, masiku atayandikira ndithu. Komabe m'mawa uliwonse ankagwada pamakonde a nyumba zija, kupaka polishi wofiira mpaka kuchita kudziwonerapo nkhope.

"Wakuba amayang'ana khonde, Esinati," ankatero. "Likachita fumbi amadziwa kuti mulibe anthu."

Pa tsiku la Khirisimasi penipenipo kunawaza kamvula. Pochokera kutchalitchi amayi anati tidzere kwa MaNcube tikatsegule mawindo, m'nyumba mupite mphepo. Anali atavala nsapato zawo zopempherera, zosalala kunsi. Titatsegula mawindowo, amayi atangotuluka n'kuponda khonde lonyowalo, phazi linaterereka, n'kugwa chammbali, chiuno kumenya sitepe. Sanalire. Anangogwira mimba ndi manja awiri.

"Thamanga, mwanawe. Kaitane munthu wamkulu."

Ndinathamanga. Ndinagogoda kwa a Moyo, ndinagogoda kwa MaSibanda, ndikufuula odi mpaka mawu kusasa. Ndili pakati pa msewu m'pamene ndinakumbukira kuti makiyi a zitseko zonsezo ali pa msomali kwathu. Ndinaima, madzi akudontha m'malata, fungo la polishi lili paliponse. Chibadwire sindinasungulumwepo ngati nthawi imeneyo. Pemphero langa linali lalifupi: "Ambuye, ndionetseni utsi."

Utsi ndinauonadi, cha ku Mabutweni, komboni yoyandikana nafe. Unkachokera kwa Abiti Saidi, mayi wachikulire wachisilamu amene ankagulitsa mandasi. Iwonso kwawo kunali ku Malawi, ndipo kwa iwo linali tsiku la ntchito ngati masiku onse.

"Iwe mwana wa a Nabanda, chakuthamangitsa n'chiyani?"

"Amayi agwa, agogo. Mimba ikuwapweteka."

Anaphula chiwaya pamoto pomwepo. Amuna awo anakwera njinga kukaitana ambulansi, ife tinabwerera chothamanga. Abiti Saidi anakhala pansi pakhonde lonyowa lija, n'kuika mutu wa amayi pamiyendo pawo. Amayi atafuna kudzuka kuti akhome chitseko cha MaNcube, anawagwira paphewa.

"Gonani, achemwali. Mukulondera nyumba za eni, nanga inuyo akukulonderani ndani?"

Apo m'pamene amayi analira.

Mwana anabadwa kuchipatala tsiku lomwelo, wamng'ono koma wamoyo. Ndiye mlongo wanga Yamikani, amene lero ndi bambo wa ana akuluakulu. Chiuno cha amayi chokha sichinabwererenso. Kukazizira ankayenda motsimphina mpaka tsiku limene Mulungu anawatenga.

Lero ndili ndi nyumba yanga ku Nkulumane, ndipo makiyi a anansi amabwera kwa ine. Ana anga amandiseka, amati khonde la amama ndi lokhalo losawala mumsewu wonse. Ndimawasiya aseke. Nthawi ya mvula sitepe sindipaka polishi, ndimayalapo chiguduli, ndipo madzi akatayika ndimapukuta ndisanachite china chilichonse. Koma chachikulu ndi ichi: mabasi akayamba kunyamula anthu opita kumidzi pa Khirisimasi, ndimayenda khomo ndi khomo kufunsa amene watsala, ndipo ndimauza ana anga dzina lake ndi nyumba yake. Ndikatero ndimathokoza Mulungu chifukwa cha Abiti Saidi, n'kukoleka makiyi pa msomali.